Tsiku limene ndinakhuthula jumbo ya mankhwala a amayi

Foni inalira kusanache bwinobwino, ndikuyatsa mbaula. Anali mwana wa achemwali anga, amene amagona ndi amayi kumudzi kwathu ku Ntcheu. Mawu ake ankanjenjemera.

"Amayi aang'ono, agogo awapeza kuseri kwa nkhokwe ya eni ake. Ali khale pansi, thukuta lili kamukamu, akuyankhula zosamveka. Akuitana agogo aamuna."

Bambo athu anali atamwalira zaka zitatu m'mbuyomo.

Mayi wa pakhomo pamene anapezekapo ndi amene anawamwetsa thobwa lothira shuga. Iye anangoona kuti milomo yawo yauma, basi. Patapita mphindi zochepa amayi anakhala ngati akudzuka kutulo, n'kufunsa kuti afika bwanji pamenepo. Khasu lawo linali pambali. Ankapita kumunda, koma anasochera pa njira imene akhala akuyenda kwa zaka 50.

Aliyense wokulira kumudzi akudziwa zimene zimanenedwa nkhalamba ikapezeka mbandakucha pakhomo pa munthu wina. Dzuwa lisanafike pamutu, pamjigo anali atayamba kale kunong'onezana kuti agogo aja agwa pa ndege, mafuta awathera. Ine mtima unapita ku Neno, kumene mu January 2016 anthu anapha okalamba anayi mtsikana wina atamwalira ndi mphezi. Lamulo la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, koma gulu likapsa mtima silidikira lamulo. Tsiku lomwelo ndinakwera minibasi, ndipo mawa lake amayi anali kunyumba kwanga ku Lilongwe.

Ndiyenera kuvomereza kuti zizindikiro zinalipo kale, ndipo tonse tinaziona. Kwa chaka chathunthu amayi ankadandaula kuti mapazi akuwatentha usiku, masana n'kumachita dzanzi. Ankati akamayenda akumva ngati akuponda pa thonje. Patapata inkatha kuvuka iwo osadziwa, n'kumayendabe. Anagwa kawiri. Anapsereza mapoto angapo. Nkhani imodzi ankakufunsa katatu. Lilime linafiira, ndipo ankati ndiwo za tsabola kapena tomato zikuwawotcha m'kamwa. Tikakambirana pafoni ndi achemwali komanso achimwene amene ali ku Johannesburg, tinkangomaliza ndi mawu amodzi: "Ndi ukalamba." Anali ndi zaka 74. Mawu amenewo anatitseka maso, ndipo mpaka lero amandipweteka.

Sabata yoyamba kwathu ndinayesetsa kuwasamalira mmene ndinkadziwira. Ndinkaonetsetsa kuti amwa chilichonse chimene iwo anena kuti amamwa, pa nthawi yake, osaphonya. Tsiku lachisanu anamwa mapiritsi awo m'mawa ndi tiyi wopanda shuga, phala n'kulikana. Cha m'ma 10 koloko ndinawapeza pakhonde akunjenjemera manja, nkhope ili thukuta, akundiyang'ana ngati sakundidziwa. Ndinawaitana, iwo n'kundikalipira ndi mawu amene sindinawamvepo pakamwa pawo chibadwire. Ndinathamangira kwa mayi wina wapafupi amene anapuma ntchito ya unamwino. Anabwera ndi kamakina koyezera shuga, n'kuwabaya chala. Kanaonetsa 46.

"Tengani shuga, masipuni atatu m'madzi, msanga," anatero. Atamwa, anati tiwapatsenso nsima yotsala dzulo kuti shugayo asatsikenso. Kenako anandikokera pambali. "Amayi anuwa sanapenge. Shuga akatsika pansi pa 70, ubongo umasowa chakudya. Mawa mupite nawo kuchipatala, koma musapite ndi buku lokha. Musonkhanitse chilichonse chimene amameza, cha kuchipatala, cha kugolosale, cha azitsamba, chilichonse."

Madzulo amenewo ndinayala mphasa n'kupempha amayi kuti andipatse chikwama chawo. Anazengereza. Mkati munali jumbo yakuda yomangidwa mfundo ziwiri. Nditaikhuthula, timapepala ta pulasitiki ta mapiritsi tinamwazika pamphasa ponse, tina zolemba zake zitafufutika, tina titang'ambika, mapiritsi osiyana ali m'kapepala kamodzi. Munali mabotolo awiri aakulu okongola ochokera ku Joni, ndi kabotolo ka mafuta ophikira kodzaza ufa wobiriwira, kopanda dzina. Munalinso mabuku a kuchipatala awiri. Lina anagula pamene loyamba linasowa, ndipo litapezeka ankangotenga limene lili pafupi.

Amayi sawerenga zilembo zing'onozing'ono, ndiye mankhwala awo ankawadziwa ndi maonekedwe. Ankatola limodzilimodzi n'kumandiuza. "Ili lalikulu loyera ndi la shuga. Aka kakang'ono n'ka shuganso. Akanso n'ka shuga kena, anandipatsa kuchipatala cha paboma. Awa ndi a BP. Kapinkika n'ka mawondo. Kachikasuka kamandigonetsa." Ndinawerenga mitundu 11. Nditayang'anitsitsa zolemba zotsala pa timapepala tiwiri ta "shuga kakang'ono" tija, ndinaona kuti dzina ndi limodzi, glibenclamide. Kena analandira pachipatala chaching'ono cha kwathu, kena kuchipatala chachikulu, ndipo poti mapiritsiwo anali osiyana kaumbidwe, iwo ankamwa onse awiri. Kwa miyezi ingapo ankamwa mlingo wowirikiza, ndipo sabata imeneyo ndine amene ndinkawapatsira madzi omwera.

Kuchipatala tinapeza dokotala wachinyamata, mzere uli mpaka panja. Nditaika jumbo patebulo anapumira m'mwamba, komabe anaimasula. Anasanja mankhwalawo m'magulu, n'kutembenukira kwa amayi.

"Agogo, dzulo munadya chiyani, kuyambira m'mawa mpaka kugona?"

Palibe wa ife ana amene anawafunsapo funso limeneli. Tinkafunsa kuti "mwamwa mankhwala?" Amayi anayankha kuti kwa mwana wawo kuno akudya bwino. Dokotala anati, "Nanga kumudzi?" Anati m'mawa tiyi, mwina ndi kambatata. Masana nsima ya mgaiwa ndi masamba. Madzulo nthawi zambiri ankangogona. Nyama? Anaseka. Usipa? Wakwera mtengo, komanso mano kulibe. Mazira? Amenewo ndi ogulitsa kuti apeze ya sopo, ndipo otsala ndi a adzukulu. Mkaka anasiya kalekale. Anawonjezera kuti sabata imene anapezeka kuseri kwa nkhokwe, gulu lawo la mapemphero linali pa kusala kudya, ndiye anamwa mapiritsi okha n'kunyamula khasu.

Zimene dokotalayo anatifotokozera ndazisunga, ndipo zina ndinakaziwerenganso pambuyo pake. Glibenclamide amakakamiza kapamba kutulutsa insulin, imene imatsitsa shuga m'magazi, kaya munthu wadya kaya sanadye. Amakhalitsa m'thupi, makamaka impso zikayamba kufooka monga zimachitira munthu akamakalamba. Wachinyamata akamwa n'kudumpha chakudya amamva njala ndi kunjenjemera, n'kudya msanga. Nkhalamba zambiri sizimva chenjezo limeneli bwinobwino, zimangoyamba kubalalika. N'chifukwa chake pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, kuyambira 2013, analembapo kuti glibenclamide si woyenera kwa anthu opitirira zaka 60, ndipo m'malo mwake anaikapo mankhwala ena a shuga otchedwa gliclazide. Dokotala anawachotsera glibenclamide yense tsiku lomwelo n'kuwasiyira metformin, mankhwala awo ena a shuga, amene payekha satsitsa shuga mopyola muyezo kawirikawiri, n'kutiuza kuti tiziyeza shuga kunyumba ndi kulemba m'kope.

Kenako anatenga timapepala tinayi n'kutiika pamzere, n'kutionetsa mmene mankhwala ena anaberekera anzawo. Amayi ankamva mawondo, ndiye ankagula bufeni kugolosale n'kumamwa pafupifupi tsiku lililonse, nthawi zambiri m'mimba mulibe kanthu. Bufeni, komanso anzake monga diclofenac ndi indosidi, amapala m'mimba, amakweza BP ndipo amatopetsa impso. M'mimba mutayamba kuwotcha, anapita pachipatala china cholipira n'kupatsidwa omeprazole. BP itakwera, anawawonjezera mankhwala achiwiri a BP. Mapazi atayamba kutentha, anawapatsa amitriptyline. Tulo titavuta, mnzawo wina anawauza za Piriton. Aliyense wowapatsa mankhwala ankachita zimene ankaona kuti n'zoyenera pa dandaulo la tsiku limenelo, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaona jumbo yonse.

Amitriptyline ndi Piriton, dokotala anati, amafooketsa kachitidwe kena ka mitsempha kamene ubongo umadalira pokumbukira zinthu. Kwa wokalamba amatha kuumitsa kukamwa, kudzimbitsa, kuchititsa chizungulire podzuka, ndi kusokoneza mutu, makamaka akamwedwa pamodzi. Apa m'pamene ndinakumbukira kuti amayi ankayenda ndi kabotolo ka madzi ongonyowetsera m'kamwa, ndiponso kuti ankatha masiku anayi osapita kuchimbudzi. Piriton anawaletsa. Amitriptyline anati asasiye mwadzidzidzi, koma achepetse pang'onopang'ono kwa masabata angapo. Bufeni anamuchotsa, n'kulemba panado ndi mlingo wake, n'kuwonjezera kuti aziyenda pang'ono tsiku lililonse chifukwa bondo longokhala limaumiratu.

Ine ndinapsa mtima. Ndinati, "Adokotala, bwanji tingosiya zonsezi thupi lawo lipume?" Anandiyang'ana n'kunena kuti ayi, mayi, mukatero mudzabwera nawo atafa ziwalo. Mankhwala a BP ndi metformin anatsala. Chimene anasintha ndi nthawi yokha: kapiritsi ka BP kotchedwa hydrochlorothiazide, kamene kamakodzetsa, amayi ankamwa madzulo, ndiye ankadzuka usiku kangapo kupita panja mumdima, ndipo pofuna kupewa zimenezi anachepetsa kumwa madzi. Anati azimwa m'mawa. Ndikulemba zimenezi kuti wina asawerenge nkhani yanga n'kukataya mankhwala a kholo lake. Amene anachotsedwa anachotsa ndi dokotala, atawayeza.

Chinatsala ndi mapazi aja. Ambiri a shuga amamva dzanzi m'mapazi chifukwa shuga wokwera amawononga mitsempha, ndipo amayi anauzidwa kangapo kuti ndi zimenezo. Koma dokotala anawauza kuti atulutse lilime, anawayang'ana m'maso, anawaimiritsa n'kuwauza kuti atsinzine. Anadzandira nthawi yomweyo mpaka ndinawagwira. Anafunsa kuti metformin anayamba liti. Tinawerenga m'mabuku awiri aja, zinali zaka 9.

"Ndikufuna tiyeze vitamini B12," anatero.

Dzina limeneli ndinali nditangoliona pa mabotolo. Sindinkadziwa kuti mitsempha, ubongo ndi magazi zimadalira vitamini ameneyu, ndiponso kuti amapezeka m'zakudya zochokera ku nyama zokha: nsomba, nyama, chiwindi, mazira, mkaka. Mu nsima mulibe. Mu nyemba, mu nkhwani, mu bonongwe, mu mtedza, ngakhale ndi zakudya zabwino kwambiri, mulibe. Chiwindi cha munthu chimasunga vitamini ameneyu wokwanira zaka zingapo, ndiye akayamba kuchepa sizidziwika msanga, zimabwera mwakachetechete. Amayi anali ndi zifukwa zinayi nthawi imodzi. Sankadya zanyama. M'mimba mwa munthu wokalamba mumachepa asidi amene amamasula vitamini ameneyu ku chakudya. Omeprazole amachepetsanso asidi yemweyo. Ndipo metformin, akamwedwa kwa zaka zambiri, amalepheretsa matumbo kuyamwa B12 mokwanira. Mu 2022 bungwe loyang'anira mankhwala ku Britain, la MHRA, linachenjeza madokotala kuti vutoli ndi lofala kwa omwa metformin, moti lingagwire munthu mmodzi mwa 10 alionse, ndipo linati odwala amene ali ndi zizindikiro aziyezedwa.

Kuyezako kunali kolipira, ku labu ya pulayiveti, ndipo mtengo wake unandilemera mpaka achimwene anatumiza ndalama. Zotsatira zinabwera patapita masiku angapo. B12 anali wotsika kwambiri.

Pali chinthu china chimene dokotala ananena chimene ndikufuna chimveke bwino. Munthu akaoneka wotuwa, ambirife timathamangira mapiritsi owonjezera magazi aja amene amapatsa amayi apakati, a ayironi ndi folic acid. Mmenemo mulibe B12. Choopsa n'chakuti folic acid amatha kukonza magazi n'kuoneka ngati zonse zili bwino, pamene mitsempha ikupitirira kuwonongeka. Achemwali anali atawagulirapo amayi mapiritsi amenewo, mwachikondi ndithu.

Anawalembera jakisoni wa B12, mamaikirogalamu 1000 ulendo uliwonse, pafupipafupi masabata oyambirira, kenako motalikirana. Ndi timabotolo tating'ono ta madzi ofiira. Mayi wopuma unamwino uja ndi amene ankabwera kudzawabaya, ndipo amayi, amene amaopa jakisoni kuposa njoka, ankayang'ana kukhoma n'kumaimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi mpaka zitatha.

Nkhani ya mabotolo a ku Joni inali yovuta chifukwa inakhudza mtima wa munthu. Achimwene amagwira ntchito yolemetsa kumeneko, ndipo atamva kuti amayi akuiwalaiwala anakalowa m'famase n'kugula zodula zimene anauzidwa kuti zimadyetsa ubongo. Botolo lina linali la ginkgo, mankhwala opangidwa kuchokera ku masamba a mtengo wina, lina la mafuta a nsomba a omega-3. Dokotala anati ginkgo asiye, chifukwa amatha kuchedwetsa kuundana kwa magazi, ndipo munthu amene m'mimba mwake mwapalika kale ndi bufeni safunika zimenezo. Pambuyo pake ndinawerenga za kafukufuku wamkulu wa ku America amene zotsatira zake zinatuluka mu 2008. Anatsatira okalamba oposa 3,000 a zaka 75 kupita m'tsogolo kwa zaka zingapo, ndipo anapeza kuti ginkgo sanateteze anthuwo ku matenda oiwalaiwala. Nalo bungwe la WHO, mu malangizo ake a 2019, linati mavitamini B ndi E, mafuta a mtundu wa omega ndi mapiritsi a mavitamini osakaniza asamalimbikitsidwe ngati njira yopewera matendawa. Zimenezi sizikutsutsana ndi jakisoni wa amayi. Kubwezeretsa chinthu chimene chayezedwa n'kupezeka kuti chikusowa m'thupi n'kosiyana ndi kumeza botolo lonse mongoyembekezera.

Nditawaimbira achimwene anakhala chete kwa nthawi. Kenako anati, "Ndiye ndinangotaya ndalama, achemwali?" Ndinawauza kuti amayi ankasunga mabotolowo pansi pa pilo ndipo ankauza aliyense wobwera kuti mwana wawo wa ku Joni sanawaiwale. Ndinawapempha kuti ndalama yomweyo azitumiza mwezi uliwonse, tizigulira usipa, mazira ndi timizere toyezera shuga. Sanaphonyepo mwezi.

Ufa wobiriwira uja amayi anagula pamsika kwa munthu amene ankalengeza pachimkuzamawu kuti umathetseratu shuga, BP ndi nyamakazi. Anati muli nimu, cham'mwamba ndi zina. Dokotala sanawanyoze. Anati, "Agogo, masamba a cham'mwamba mukaphika ngati ndiwo idyani, ndi abwino. Koma ufa uwu ulibe dzina, ulibe mlingo, ndipo amene anakugulitsani sanakuyezeni shuga kapena impso." Anatiuza kuti mankhwala ogulitsidwa m'dziko muno amayenera kuvomerezedwa ndi bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA. Amayi anavomera kuusiya, ngakhale anadandaula ndalama yawo.

Ntchito yaikulu inali kukhitchini, ndipo kumeneko ndi kumene ndinawamvetsa amayi anga. Nditawafunsa chifukwa chimene anasiyira zakudya zambiri chonchi, anati atawapeza ndi shuga aliyense anabwera ndi lamulo lake. Uyu akuti musadye nyama. Uyu akuti mazira amakweza BP. Uyu akuti mafuta ayi, nthochi ayi, mkaka ayi. Iwo, poopa kufa, anamvera onse, n'kutsala ndi mgaiwa ndi masamba owiritsa. Kenako bambo atamwalira, chilakolako chophika chinatheratu. "Mwanawe," anatero, "nsima ya munthu mmodzi siikoma. Ukaphika umangoiyang'ana." Mdzukulu wawo amachoka m'mawa kupita kusukulu ndipo masana amadya kwa amayi ake. Tinkaganiza kuti tawasiyira munthu wowayang'anira, koma ankadya okha.

Ndinayamba ndi phala la mgaiwa lothira nsinjiro, lisanafike piritsi lililonse. Dzira limodzi lowiritsa tsiku lililonse, lawolawo, ndipo ndinkakhala pomwepo mpaka alimalize, apo ayi likanapita kwa ana anga. Amayi a msinkhu wawo anakula akuuzidwa kuti mazira si a akazi, ndipo maganizo amenewo sachoka ndi tsiku limodzi. Usipa wouma ndinkaukazinga pang'ono n'kuusinja mumtondo, mitu ndi minga zomwe, n'kumathira ufa wakewo mu nkhwani wotendera kapena mu nyemba. Mano sanafunikenso, ndipo minga zosinjidwazo zili ndi kashiamu wothandiza mafupa. Kamodzi pa sabata chiwindi cha nkhuku kapena cha mbuzi chophika mpaka kufewa. Chambiko akachipeza ankachikonda kuposa mkaka wamba. Nsima sindinawaletse, ndinangochepetsa mitanda n'kuchulukitsa ndiwo. Nthochi imodzi kapena kagawo ka papaya ankadya, koma zakumwa zotsekemera za m'mabotolo tinasiya.

Mchere unali nkhondo. WHO imati munthu asapyole magalamu 5 patsiku, kasipuni kakang'ono kamodzi kosadzadza, kuphatikizapo umene uli kale m'zakudya. Amayi ankathira pophika n'kuwazanso pambale. Ndinachotsa mchere patebulo, ndinasiya timakyubu tokometsera ndiwo, ndipo soda wa mu therere ndinamuchepetsa kwambiri chifukwa nayenso ali ndi sodium yemweyo amene amakweza BP. Tiyi tinamusuntha kuti asamamwedwe pamodzi ndi chakudya, poti amalepheretsa thupi kuyamwa ayironi wa m'masamba ndi nyemba. Madzi ndinkawathirira m'botolo m'mawa n'kuwauza kuti lithe dzuwa lisanalowe, chifukwa okalamba samva ludzu msanga ngakhale thupi litauma, ndipo kuuma kumeneko pakokha kumabalalitsa mutu.

Kusintha koyamba kunabwera msanga. Chichotsereni glibenclamide, kukomoka kwa thukuta kuja sikunabwerenso. Patatha masabata atatu chisiyireni Piriton ndi kuchepetsa amitriptyline, tulo ta masana tinatha, ndipo anayamba kutsatira nkhani za pawailesi n'kumatsutsana nazo. M'mimba mutasiya kuwotcha, dokotala anachotsanso omeprazole. Za B12 zinatenga miyezi. Lilime linapola kaye, kenako mphamvu, kenako kuyenda. Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinawapeza akupeta mpunga pakhonde, n'kundiuza kuti ndinabwereka lichero kwa mayi wa kuseri masabata awiri apitawo ndipo sindinabweze. Zinali zoona. Ndinalowa m'nyumba n'kukalira kuchipinda.

Sindikufuna kunamiza munthu kuti zonse zinabwerera. Zala za kumapazi mpaka pano zili ndi dzanzi, ndipo dokotala anati mitsempha ikakhala yowonongeka kwa nthawi yaitali ina siichira. Chaka chija tinkati ndi ukalamba ndi chimene chinatidyera zimenezo. Maina a adzukulu ena amawasokonezabe. Matenda enieni oiwalaiwala, monga Alzheimer, alipo, ndipo pali mabanja amene adzachita zonse zimene tinachita ife koma kholo lawo osasintha. Ngakhale zitatero, munthuyo ndi wodwala wofunika kusamalidwa, si mfiti. Ndinaphunziranso kuti wokalamba akabalalika mwadzidzidzi, mkati mwa maola kapena masiku ochepa, kawirikawiri pamakhala chimene chayambitsa: shuga, malungo, matenda a m'chikhodzodzo, chibayo, kapena mankhwala atsopano. Kukamwa kukapotoka, dzanja kapena mwendo n'kulefuka, mawu n'kumatuluka mokoka, imeneyo ndi sitiroko ndipo ndi ya kuchipatala nthawi yomweyo. Ndipo wa shuga akakomokeratu, osatha kumeza, musamuthire thobwa kapena madzi m'kamwa chifukwa angatsamwe. Mugonekeni cham'mbali n'kuthamanga naye.

Patatha miyezi isanu amayi anati akufuna kwawo. Nkhuku zawo, munda wawo, manda a amuna awo. Sindinawakanize, koma ndinapita nawo. Tinayamba takhala pansi ndi amalume, eni mbumba, kenako tonse tinapita kwa amfumu. Ndinatenga kamakina koyezera shuga ndi timapepala tiwiri ta glibenclamide tija, n'kufotokoza pamaso pa anthu zimene zinachitika m'mawa uja. Ena anamvetsa, ena anangoti zii, ndipo ndikudziwa kuti alipo amene sanasinthe maganizo. Koma mayi wa thobwa uja anaimirira n'kunena kuti iye anaona ndi maso ake munthu akutsitsimuka ndi chikho chimodzi cha thobwa. Msonkhano utatha, abambo awiri ananditsatira payekhapayekha kudzandiuza kuti makolo awo nawonso amamwa kapiritsi kakang'ono ka shuga ndipo nthawi zina amayankhula zosamveka m'mawa. Ndinawauza za jumbo.

Pano amayi amamwa mitundu itatu ya mapiritsi, ndi panado mawondo akavuta. Buku la kuchipatala ndi limodzi, linalo tinalimata kumbuyo kwake. Mdzukulu wawo amasanja mapiritsi a sabata yonse Lamlungu madzulo m'kabokosi ka zipinda zisanu ndi ziwiri, ndipo akalandira atsopano amanditumizira chithunzi pa WhatsApp tisanawaike mmenemo. Tsiku la kiliniki ya shuga ndi BP amanyamula zonse, ngakhale panado. Chakudya chamasana amadya kwa achemwali, pamphasa imodzi ndi ana. Za kusala kudya anakambirana ndi atsogoleri a gulu lawo, ndipo anawauza kuti odwala azipemphera atadya. Pangodya ya chitenje chawo amamangapo kapepala ka shuga akamapita kumunda, ngakhale chichotsereni mapiritsi aja sanakamasulepo. Madzulo aliwonse mdzukuluyo amawayang'ana kumapazi ndi tochi ya foni, pakati pa zala, chifukwa minga ikawabaya samva.

Ndimawaimbira 6 koloko m'mawa uliwonse. Lero anayankha ali m'kamwa modzaza. Anati dzira adya, phala akumaliza, jakisoni wotsatira ndi wa Lachinayi sabata yamawa, ndipo ndiwauze achimwene kuti usipa watsala wa masiku awiri.